Siteji ya ku French: chimene chinkaiyendetsa ndi chimene chinaigwetsa

Amene wachitako zisudzo kuno ku Dedza kapena ku Ntcheu, kaya kusekondale kaya m'gulu la achinyamata a kutchalitchi, anamvapo akuluakulu akutchula za ku French. Amanena French Cultural Centre, malo a ku Chichiri mumzinda wa Blantyre amene lero akutchedwa Blantyre Cultural Centre. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kufika mu 2011, gulu la zisudzo linkadziwika msinkhu wake likaima pa siteji imeneyo. Sewero likadzaza ku French, mbiri yake inkatsogola pa msewu wa M1, moti gulu pofika ku Ntcheu, ku Dedza kapena ku Lilongwe linkapeza anthu akulidikira.

Malowa anatsegulidwa ndi boma la France, ndipo ntchito yake yoyamba inali kuphunzitsa Chifalansa ndi kuonetsa zaluso za kwawoko. Munali laibulale, zipinda zophunziriramo, holo yam'kati, komanso bwalo lalikulu lapanja lokhala ndi siteji yakeyake. Kukhala ndi malo awiri oonetsera kunkathandiza kwambiri. Holo yam'kati imayenera sewero la anthu ochepa, lodalira mawu ndi magetsi, loti wosewera akanong'ona wa kumbuyo amve. Bwalo lapanja limayenera sewero lokoka chikhamu, la nthabwala, nyimbo ndi magule. Anthu 80 m'holo yaing'ono amakhala mothithikana ndipo mmodzi akaseka onse amatengerana. Anthu omwewo mukawaika pabwalo lalikulu amamwazikana, kuseka kumazilala msanga, osewera amachita mantha n'kuyamba kukuwa ndi kuthamangitsa mawu. Gulu lodziwa ntchito linkasankha malo poyang'ana sewero lake ndi chiwerengero cha anthu amene lingathedi kukoka.

Kumene osewera ankachokera

Siteji ya ku French sinapange yokha osewera. Ankachokera mbali zitatu. Mbali yoyamba ndi mpikisano wa zisudzo za m'masukulu wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingelezi, umene unayamba mu 1969. Cholinga chake chinali choti ana azilankhula bwino Chingelezi, koma unaphunzitsa mibadwo ya ana a sekondale kuloweza, kuima pamaso pa anthu ndi kusunga nthawi. Mbali yachiwiri ndi Travelling Theatre ya ku Chancellor College, imene inayamba mu 1970 n'kumayenda ndi masewero m'masukulu ndi m'maboma. Akatswiri ngati James Gibbs, David Kerr ndi Chris Kamlongera anagwirako ntchito kumeneko pa nthawi zosiyana, ndipo kuyambira mu 1981 gululi linayamba kupanga masewero a Chichewa okaonetsa kumidzi. Mbali yachitatu ndi wailesi ya MBC, imene kudzera mu Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino inazoloweretsa makutu a Amalawi kumva nkhani zawo m'chilankhulo chawo.

Chimene chinkasowa ndi kopita munthu akamaliza Fomu 4 kapena digiri. Sukulu ili ndi holo, mphunzitsi woyang'anira ndi oonera okhalamo kale. Kunja kwa sukulu kunalibe chilichonse mwa zimenezi. French Cultural Centre inatseka mpata umenewo: panali siteji yokhazikika, pakati pa Blantyre ndi Limbe, pamalo oti munthu wochokera ku Ndirande, ku Zingwangwa kapena ku Bangwe afikepo pa minibasi.

Masewero a pa siteji ankadutsa kaye m'manja mwa Censorship Board, potsatira lamulo la mu 1968 loyang'anira zosangalatsa. Gulu linkatumiza sewero lolembedwa, a bungwelo ankaliwerenga, n'kudula mawu amene sanawakonde kapena kulikana lonse, ndipo popanda chilolezo chawo sewero silinkaonetsedwa. Zimenezi zinasintha kalembedwe. Alembi anaphunzira kubisa nkhani ya lero m'mbiri yakale, m'nthano, kapena m'nkhani ya banja limene bambo wake safuna kutsutsidwa. Oonera nawo anaphunzira kumva zimene sizinanenedwe. N'chifukwa chake holo inkatha kuphulika ndi phokoso pa mawu ooneka wamba, oti mlendo sakanaona chosekera. Masewero a Chichewa opanda sikiripiti yonse anali ovutirapo kuwagwira, chifukwa zolembedwa pa pepala ndi zotuluka pakamwa tsiku la sewero sizinkafanana ndendende.

Magulu awiri, njira ziwiri

Pa mayina onse a pa siteji imeneyi, awiri ndiwo amafotokoza bwino kumene zisudzo za m'Malawi zinalowera.

Du Chisiza Jr anabadwa mu 1963, bambo ake, Dunduzu Chisiza, atamwalira kale pa ngozi ya galimoto chaka cha 1962. Anadziwika ali mwana wa sukulu kusekondale ya HHI ku Blantyre, pamene sewero lake lotchedwa The Deceased's Attack linapambana mpikisano wa ATEM mu 1982. Atakaphunzira zisudzo ku Philadelphia, anabwerera mu 1987 n'kukhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu limene limawerengedwa kuti ndilo loyamba m'dziko muno kutenga zisudzo ngati ntchito yodyerapo. Analemba masewero oposa 20, ndipo ena mwa iwo, monga Papa's Empire ndi Democracy Boulevard, anthu ankawamva ngati akunena za ndale za nthawiyo. Mu 1993 analowa m'boma la Dr Banda ngati nduna ya achinyamata, masewera ndi chikhalidwe, zimene zinadabwitsa ambiri mwa omutsatira. Anamwalira mu February 1999. Gertrude Kamkwatira, mmodzi mwa osewera a Wakhumbata, anatsogolera gululo kwa kanthawi, kenako anayambitsa lake la Wanna-Do, mpaka naye anamwalira mu 2006.

Njira ya Wakhumbata inali ya sewero lolembedwa mawu onse, makamaka m'Chingelezi, lokhala ndi wotsogolera mmodzi wolamula kuti uyu aime apa, atembenuke pa mawu akuti. Ubwino wake ndi woti sewero la ku Blantyre ndi la ku Mzuzu limakhala limodzimodzi, ndipo wosewera akachoka wina amaloweza n'kulowa m'malo. Kuipa kwake ndi koti zonse zimatsamira pa mlembi ndi wotsogolera. Iyeyo akachoka, gulu limavutika kupeza wina wokoka anthu mofanana.

Kwathu Drama Group, imene inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, inatenga njira ya Chichewa ndi nkhani za pakhomo: chuma cha masiye, maukwati, ufiti, katangale, matenda. M'gululi munali John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo. A Nyanga anamwalira mu 2016, a Mabedi mu 2021. Magulu ambiri a Chichewa, kuphatikizapo a kuno kwathu, amatsata kapangidwe kamene kanatchuka ndi zisudzo za mtundu umenewu: gulu limagwirizana mutu wa nkhani, limaigawa m'zigawo, ndipo mawu enieni amabadwa pa pulakatisi. Njirayi imapatsa sewero moyo, koma ili ndi matenda ake odziwika. Wosewera akaona kuti anthu aseka amawonjezera, mnzake safuna kutsalira, ndipo sewero la mphindi 90 limafika maola atatu nkhani itatayika. Mankhwala ake ndi kukhomerera zinthu zitatu pa chigawo chilichonse: mawu otsegulira, mfundo imodzi imene iyenera kumveka, ndi mawu otsekera amene wolowa pambuyo akudikira. Chigawo chilichonse chipatsidwe mphindi zake, ndipo wina azikhala ndi wotchi pa pulakatisi iliyonse.

Chimene chinkayendetsa malowa

Anthu akamakumbukira ku French amatchula mayina a osewera, koma chimene chinasunga malowa zaka zonsezo ndi ntchito ya anthu osaoneka pa siteji. Panali ofesi yosungitsako tsiku, moti gulu linkatha kusindikiza maposita likudziwa kuti tsikulo ndi lakedi. Panali ogwira ntchito olipidwa ndi eni malo, osamalira magetsi, mipando, zimbudzi ndi chitetezo. Ndalama zoyendetsera zonsezi sizinkadalira za pakhomo zokha, choncho sewero limodzi likalephera malo sankatsekedwa.

Pamwamba pa izi panali chizolowezi. Masewero ambiri ankachitika masana a Loweruka ndi Lamlungu, kuti anthu aweruke kutchalitchi, aonere, n'kupeza minibasi kusanade. Siteji ili ngati chigayo: anthu amasenza chimanga kupita kumene akudziwa kuti akapeza chikugaya, ndipo chikafa miyezi ingapo amazolowera kwina. Munthu wa ku Blantyre ankadziwa kuti kumapeto kwa sabata ku French kumakhala chinachake, ngakhale asanaone posita. Ife timaona kuti chizolowezi chimenechi ndicho chinali chuma chenicheni cha malowa, ndipo n'chimene chimatenga zaka zambiri kuti chibwerere.

Kuchepa kwa oonera kunayamba nyumba isanagwe. Ufulu wolankhula utabwera ndi referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, zimene anthu ankapitira ku sewero kuti akazimve mobisa zinayamba kulembedwa poyera m'nyuzipepala. Mabungwe anayamba kulemba ntchito a zisudzo kuti azifalitsa mauthenga a Edzi, chisankho ndi zaumoyo. Ntchito imeneyo inadyetsa mabanja ambiri ndipo inafika kumidzi kumene sewero la pa siteji silinafikeko, koma inali yoonera ulere, ndipo anthu anayamba kufunsa chifukwa cholipirira pakhomo. Television Malawi inatsegulidwa mu 1999, chaka chomwe Du anamwalira, ndipo nyumba zoonetsera mavidiyo zinadzaza m'matauni ndi m'misika. Panabwerabe magazi atsopano, monga Nanzikambe Arts imene inayamba mu 2003, koma msika unali utasintha.

Mu 2011 Afalansa anatseka malowa, ndipo boma la Malawi linawagula pa mtengo wa K300 miliyoni. M'nyengo yosinthana manjayo akuba analowa, anatenga katundu ndi kuwononga nyumba. Kukonza kwakhala kukuchitika pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo m'kati mwa nthawiyo magulu anamwazikira m'maholo obwereka, ku malo a Nanzikambe ku Naperi, ndi ku Jacaranda Cultural Centre. Nyumba ya zisudzo ikaonongeka, zovuta kubwezera si makoma ayi. Ndi mawaya, mabokosi a magetsi, zitsulo zopachikapo nyali, mipaipi ya madzi, zinthu zodula zimene sizioneka pa chithunzi koma popanda izo sewero la usiku silitheka ndipo banja silingabwere ndi ana.

Holo ya kuno kwathu

Ku Dedza ndi ku Ntcheu masewero amachitikira m'maholo a sukulu, a tchalitchi ndi a misonkhano, amene sanamangidwire zisudzo. Zimene ku French zinkachitidwa ndi eni malo, kuno gulu liyenera kuzichita lokha, ndipo zambiri sizifuna ndalama zochuluka.

Poyamba ndi siteji. Malo a mamita 6 m'lifupi ndi mamita 4 kulowa kumbuyo amakwanira osewera 6 mpaka 8 nthawi imodzi. Ngati pansi pa holo ndi pathyathyathya, siteji ikwere masentimita 60 mpaka 80. Ikatsika kuposa apo, wosewera akangokhala pampando kapena kugwada, anthu a mzere wachisanu samuonanso, amaimirira, ndipo phokoso limayamba. Kulumikiza madesiki kumathandiza, koma miyendo yake imangidwe pamodzi ndi chingwe, pamwamba payalidwe matabwa ndi ziguduli, apo ayi madesiki amatseguka pakati ndipo phazi lililonse limalira kuposa mawu. Kumbuyo mupachike nsalu yakuda, kusiya mita imodzi pakati pa nsaluyo ndi khoma kuti wosewera adutse kupita mbali ina osaoneka. M'mbali muimike zotchingira ziwiri uku ndi uku. Pulayiwudi imodzi, imene imakhala mamita 1.2 ndi 2.4, ikakhomedwa pa felemu imakwana, bola ikhale ndi mwendo kumbuyo wotsinikizidwa ndi thumba la mchenga.

Magetsi amalakwika kawirikawiri chifukwa cha malo oikapo, osati kuchepa. Nyali zinayi za LED za mawati 50, ziwiri kumanja ziwiri kumanzere, zokwezedwa mamita atatu kutsogolo kwa siteji n'kupendekera pansi cha m'ma digiri 45, zimaonetsa nkhope bwinobwino. Babu la pamwamba penipeni pa mutu limadetsa m'maso, moti oonera saona ngati munthu akulira kapena akuseka. Nyali yoikidwa pansi imatembenuza mithunzi ya nkhope. Sewero la masana lili ndi vuto lina: windo likakhala kumbuyo kwa siteji osewera amangooneka mdima, choncho litchingidwe. Nyali zinayizo zimadya mawati 200 okha, zoti jenereta yaing'ono imakwanitsa magetsi a ESCOM akathima. Jeneretayo ikhale panja, mamita 20 kapena kuposa, kuseri kwa khoma. M'kati isalowe ngakhale kukugwa mvula, chifukwa utsi wake umapha.

Za mawu zimafuna kudziwa nyumba yanu. Holo ya simenti ndi malata imabweza mawu, makamaka ikakhala yopanda anthu, ndiye musaweruze pa pulakatisi yokha, poti matupi ndi zovala za oonera zimameza phokoso lina. Nsalu kapena mphasa zopachika pa khoma la kumbuyo kwa oonera zimachepetsa kubwezako. Kukuwa kumangowonjezera vuto. Chothandiza ndi kulankhula mosathamanga, kumaliza mawu onse, nkhope italoza kwa anthu. Holo ya anthu 200 siifuna maiki ngati osewera aphunzitsidwa kutulutsa mawu kuchokera m'mimba. Mukagwiritsa ntchito maiki, masipika akhale kutsogolo kwa maikiwo, chifukwa akakhala kumbuyo ndi pamene amalira mluzu uja. Kuyambira December mpaka March mvula ya pa malata imatha kumiza sewero lonse, ndiye mugwirizane kale nyimbo kapena gule woti alowe mpaka mvula itachepa.

Pulakatisi ya sewero la ola limodzi ndi theka imafuna masabata asanu ndi limodzi, katatu pa sabata, maola awiri tsiku lililonse. Sabata yoyamba ndi yowerenga ndi kumvetsa nkhani. Yachiwiri ndi yachitatu ndi yoika mayendedwe. Pofika yachinayi mapepala akhale atachoka m'manja, chifukwa munthu wogwira pepala sangaphunzire chochita ndi manja ake. Yachisanu muthamangitse sewero lonse osaima, yomaliza muchite m'holo yeniyeniyo, ndi zovala, katundu ndi magetsi. Tsamba limodzi lotaipidwa limatenga pafupifupi mphindi imodzi kapena iwiri, ndiye kutalika kwa sewero kumadziwika lisanayambe. Kusintha katundu pakati pa zigawo kusapitirire masekondi 30. Mpando uliwonse ukhale ndi munthu wake wounyamula, ndipo woyang'anira siteji, amene sasewera nawo, akhale ndi mndandanda wa katundu yense.

Pakhomo ndi pamene magulu ambiri amapasukira. Matikiti akhale ndi manambala. Wogulitsa akhale wina, wong'amba akhale wina, khomo lolowera likhale limodzi, ndipo ndalama ziwerengedwe pamaso pa anthu atatu sewero lisanathe. Olowa ulere alembedwe mayina tsiku lisanafike, chifukwa aliyense ali ndi alamu ake ndi aphunzitsi ake. Poika mtengo, phatikizani holo, thiransipoti, mafuta a jenereta, maposita ndi chakudya, kenako mugawe ndi theka la mipando. Ngati mtengo wotulukawo anthu a dera lanu sangaukwanitse, chepetsani zowononga kapena pezani holo ina, osadalira kuti idzadzaza.

Tsiku lisankhidwe ndi maso a kuno. Mu June ndi July ku Dedza kumazizira kwambiri ndipo dzuwa limalowa cha m'ma hafu faifi, ndiye sewero liyambe cha m'ma 1:30 masana kuti wochokera ku Bembeke kapena ku Linthipe abwerere kukuwala. Ndalama zimapezeka kumapeto kwa mwezi ndiponso alimi akagulitsa kachewere ndi mbewu zina. Tsiku la msika ku Lizulu, ku Chimbiya kapena ku Kampepuza ndi labwino kulengezera, pochita kachigawo ka mphindi zisanu n'kuimira pokoma. Musaike sewero tsiku la mpira waukulu kapena la Umhlangano, mwambo wa Angoni a Maseko, ku Nkolimbo. Chilolezo cha Censorship Board chikadali chofunika pa lamulo, nyimbo za oimba ena zili ndi malipiro ake ku Cosoma, bungwe loteteza umwini wa zaluso, ndipo sewero la mlembi wina limafuna kumupempha mwiniwake.

Pali chuma chimene magulu a kuno ali nacho kuposa a m'tauni. Oonera athu anakulira pabwalo lozungulira, pamene woimba, wovina ndi woonera amayankhana. Ngoma ya Angoni ndi Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndi sukulu ya kayendedwe, kalowedwe ndi katulukidwe, ndipo ku Mua, ku Kungoni Centre imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kuli zambiri zoti wopanga zovala ndi zigoba akaphunzire. Koma Gule ali ndi eni ake. Kuika chilombo pa siteji popanda kukambirana ndi mafumu ndi akuluakulu a kudambwe kumakhumudwitsa anthu omwe mukufuna kuti adzaonere, ndipo n'kulakwira mwambo. Sewero lopangidwira bwalo lozungulira likamapita pa siteji yoyang'ana mbali imodzi, mayendedwe ake ayenera kuikidwanso, chifukwa wosewera wozolowera kuzungulira amapatsa anthu msana theka la nthawi.

Gulu lofuna kukaonetsa ku Blantyre lidziwe kuti kuchokera ku Dedza ndi ulendo woposa makilomita 200, kudzera ku Ntcheu, pa Chingeni ndi pa Zalewa, ndipo thiransipoti ndi malo ogona ndizo zimadya ndalama zambiri. Sewero la anthu asanu ndi mmodzi, lokhala ndi katundu wokwana m'minibasi imodzi, limayendeka, pamene la anthu 20 limafuna wolipirira. Mtumize munthu mmodzi masabata atatu tsiku lisanafike, akayeze siteji ndi tepi, akayatse yekha soketi iliyonse, akaone zimbudzi ndi chipinda chosinthira zovala, ndipo akabwere ndi pangano lolembedwa lonena tsiku, maola, mtengo, ndi amene adzapereke mipando ndi alonda. Ndi bwinonso kugawana tsikulo ndi gulu la komweko limene lili ndi oonera ake, inu muyambe iwo atsirize, ndipo kagawidwe ka ndalama za pakhomo kalembedwe pa pepala matikiti asanasindikizidwe.